MAI CHARLOTTE MAXEKE NDI NKHONDO YA ZITUPA ZA AKAZI

Masiku ano m'maofesi a Boma ndi m'masukulu mwathu mwachuluka mau awiri achilendo, jenda ndi feminism. Ena akawamva amaseka, ena amakwinya nkhope, poganiza kuti ndi nzeru za Azungu zobwera ndi mabungwe a ndalama kudzapasula mabanja. Tsono popeza mtsutso wa mau okhaokha sukutha msanga, ife taona kuti nkwabwino tiwafotokozere awerengi athu mbiri ya mai wina wa ku South Africa amene anamwalira m'chaka cha 1939, mabungwe amenewo asanabadwe, kuti aliyense adzionere yekha chimene akazi a mu Africa anali kufuna ndi chimene chinawautsa. Dzina lao ndi Mai Charlotte Makgomo Maxeke, a kubanja la a Mannya.

Anabadwa pa 7 April 1871. Bambo wao, John Mannya, anali wa kwa Ramokgopa kumpoto kwa Transvaal, kapitao wa anthu okonza miseu ndiponso mlaliki wa mpingo wa Presbyterian, pamene mai wao, Anna Manci, anali Mxhosa wa ku Fort Beaufort. Mtsikanayo anakulira m'dziko la Cape, naphunzira m'masukulu a mishoni ku Uitenhage ndi ku Port Elizabeth. Pambuyo pake banja linasamukira ku Kimberley, mzinda wa migodi ya diamondi, ndipo kumeneko iye anayamba kuphunzitsa ana ndi kuimba m'makwaya. Liu lake linali lalikulu ndi lokoma, ndipo ndi liu lomwelo limene linamtsegulira njira ya kutsidya kwa nyanja.

M'chaka cha 1891 Charlotte pamodzi ndi mng'ono wake Katie analowa m'kwaya ya anthu akuda imene inapita ku Britain kukaimba, ncholinga chosonkha ndalama zomangira sukulu ya ntchito zamanja kwao. Anaimba m'mizinda yambiri, ndipo anaimbiranso Mfumukazi Victoria ku nyumba yake ya Osborne. Koma ulendowo sunali wa ulemu wokhawokha ai. Oyang'anira ao anali kuwaimbitsa mbali imodzi atavala zovala za Chizungu, mbali ina atavala zikopa ndi mikanda, pakuti anthu olipira pakhomo anafuna kuona anthu akutchire monga momwe anali kuwamvera m'nkhani. Aphunzitsi ndi ana a alaliki anasanduka chionetsero, ndipo ndalama za sukulu ija sizinaoneke.

Ulendo wachiwiri unawafikitsa ku Canada ndi ku America, ndipo kumeneko zinthu zinaipiratu, pakuti oyang'anira anawasiya oimbawo pa mzinda wa Cleveland, m'chigawo cha Ohio, opanda ndalama yobwererera. Amene anawatola ndi a mpingo wa anthu akuda a ku America wotchedwa African Methodist Episcopal, umene kwathu kuno timaudziwa ndi zilembo zake zitatu, AME. Mbusa Reverdy Ransom anathandiza kuti ena mwa iwo alowe sukulu yaikulu ya mpingowo, Wilberforce University. Mmodzi mwa aphunzitsi a pamenepo masiku amenewo anali W. E. B. Du Bois, amene pambuyo pake anadzatchuka pa dziko lonse pomenyera ufulu wa anthu akuda. Charlotte analandira digiri ya sayansi m'chaka cha 1901, nakhala mkazi wakuda woyamba wa ku South Africa kufika pa msinkhu umenewo wa maphunziro. Awerengi athu aphunzitsi akumbukire kuti m'chaka chimenecho ngakhale pakati pa Azungu a dziko lakwao akazi a digiri anali owerengeka.

KALATA IMENE INABWERETSA MPINGO

Pali chinthu chimodzi chimene mtsikanayo anachita ali pa sukulu, chooneka chaching'ono, koma zotsatira zake zinafika mpaka ku Kasungu. Analembera mng'ono wake Katie kalata yosimba za mpingo umene mabishopu ake, masukulu ake ndi chuma chake zonse zinali m'manja mwa anthu akuda. Kalatayo inafika m'manja mwa mbale wao, Mbusa Mangena Mokone, amene anali atatuluka mu mpingo wa Wesleyan m'chaka cha 1892 chifukwa chakuti abusa akuda ndi oyera anali kuwasonkhanitsa padera, nayambitsa mpingo wake wa Ethiopian. Mokone analembera Bishopu Henry Turner ku America, ndipo m'chaka cha 1896 mipingo iwiriyo inalumikizana. Umu ndi momwe AME inalowera kummwera kwa Africa.

Mpingo umenewu ndiwo umene Hanock Msokera Phiri ndi mphwake Hastings Kamuzu Banda anaupeza ali pa ntchito ku Transvaal. Phiri anaubweretsa ku Kasungu m'chaka cha 1924, ndipo Banda anatumizidwa ndi mpingo womwewo ku America m'chaka cha 1925, nakayambira maphunziro ake pa Wilberforce pomwe paja. Chotero njira imene mtsogoleri woyamba wa dziko lino anayendamo inali italambulidwa ndi mtsikana zaka makumi atatu m'mbuyomo. Sitinaone buku la sukulu za kuno lonena zimenezi.

Atabwerera kwao, Charlotte anakwatiwa m'chaka cha 1903 ndi Mbusa Marshall Maxeke, mnzake wa ku Wilberforce. Awiriwa anayamba ndi sukulu kwa Ramokgopa, kwao kwa bambo wa mkaziyo, koma umphawi wa anthu ndi kusowa kwa thandizo la Boma zinaifooketsa. Anathandiza kukhazikitsa sukulu ya Wilberforce Institute ku Evaton, kummwera kwa Johannesburg, m'chaka cha 1908, ndipo anakaphunzitsanso pakati pa Athembu ku Transkei ataitanidwa ndi mfumu yao Dalindyebo. Potsiriza anakhazikika ku Johannesburg, kumene ife timati ku Joni.

Pa 8 January 1912 atsogoleri a anthu akuda anasonkhana ku Bloemfontein nayambitsa bungwe la South African Native National Congress, limene pambuyo pake linatchedwa African National Congress. Mai Maxeke analipo pa msonkhanowo. Koma malamulo a bungwelo sanalole mkazi kukhala membala wathunthu wokhala ndi voti. Mai wa digiri, woposa amuna ambiri a m'nyumbamo pa maphunziro, anali woyenera kumvetsera ndi kuthandiza, osati kusankha kapena kusankhidwa. Apa ndi pamene pali gwero la nkhani yathu: amuna amene anasonkhana kudzadandaula kuti Mzungu wawatsekera kunja, iwonso anatsekera kunja akazi ao, osaona chachilendo chilichonse pa zimenezo.

NKHANI YA CHITUPA

Amene anapitako ku Joni kapena ku Harare masiku a atsamunda akudziwa chitupa. Chinali kapepala kosonyeza kuti munthu wakuda waloledwa kukhala pa malo akutiakuti ndi kuti akugwira ntchito kwa bwana wakutiwakuti, ndipo wopezeka wopanda kapepalako anali kugona m'chitolokosi. M'zigawo zambiri za South Africa chitupa chinali katundu wa amuna, koma ku Orange Free State makhonsolo a mizinda anachisenzetsanso akazi. Mai aliyense wa m'lokeshoni anayenera kugula chilolezo mwezi ndi mwezi, ndipo njira yosavuta yochipezera inali kukagwira ntchito m'khitchini ya Mzungu. Tsono mai wochapa zovala payekha, wosoka, kapena wongosunga nyumba yake, anali wolakwa pamaso pa lamulo. Choipa choposa chinali chakuti wapolisi aliyense anali ndi mphamvu yoimitsa mkazi kapena mtsikana pa njira, usana kapena usiku, ndi kumfufuza. Zimene zinali kuchitika pa kufufuza kotero awerengi akhoza kuzilingalira okha.

M'chaka cha 1912 akazi a ku Free State anasonkhanitsa maina 5,000 pa kalata yodandaula, naitengera ku Cape Town kwa nduna za Boma. Sanaphule kanthu. Chaka chotsatira, 1913, akazi mazanamazana a ku Bloemfontein anayenda ulendo wa pamodzi kupita ku maofesi a mzinda, nang'amba zitupa zao, ndipo anzao a ku Jagersfontein ndi ku Winburg anachita chimodzimodzi. Ambiri anamangidwa, nakana kulipira faindi, nasankha ndende m'nyengo yozizira. Ulemu wa chaka chimenecho ndi wa akazi a m'malokeshoniwo eni ake. Ntchito ya Mai Maxeke inali yotenga moto umene unayaka m'chigawo chimodzi ndi kuusandutsa bungwe la dziko lonse, ndipo iyi ndi ntchito yovuta koposa, pakuti mkwiyo wa tsiku limodzi umazirala, koma bungwe lifuna makalata, misonkhano, ndalama za sitima ndi munthu wosatopa.

Bungwelo linali Bantu Women's League, ndipo iwo anali mtsogoleri wake woyamba. Pamene kunamveka kuti Boma lifuna kufalitsa zitupa za akazi m'zigawo zina, Mai Maxeke anatsogolera nthumwi za akazi m'chaka cha 1918 kukaonana ndi Nduna Yaikulu, General Louis Botha. Taganizani za chithunzi chimenecho: msilikali wamkulu wa Mabunu mbali ina ya tebulo, mbali inayo akazi akuda opanda voti, opanda mpando m'Nyumba ya Malamulo, opanda ngakhale voti m'bungwe la amuna ao. Komabe Boma linabwerera m'mbuyo, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu silinayerekeze kusenzetsa akazi onse a dzikolo chitupa. Amuna a Congress, ndi nthumwi zao zonse zopita ku London, sanapambane chotere pa nkhani ya malo, pakuti lamulo la 1913 limene linasiyira anthu akuda magawo 7 okha mwa magawo 100 a dziko linakhalabe chikhalire.

Bungwe la akazili linakananso mchitidwe wofuna kuti akazi akuda aziyezedwa m'thupi mokakamiza asanalembedwe ntchito za m'nyumba. Mai Maxeke sanaiwale za malipiro. M'chaka cha 1920 anatengako mbali pa msonkhano wa antchito ku Bloemfontein, m'masiku oyamba a gulu la ICU limene linayambitsidwa ku Cape Town m'chaka cha 1919 ndi Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia.

TANTHAUZO LA MAU AJA

Tsopano tikhoza kubwerera ku liu lija la feminism. Tanthauzo lake ndi lalifupi: kuti mkazi ndi munthu wathunthu pamaso pa lamulo, pa sukulu, pa ntchito ndi pa malipiro, ndi posankha olamulira, ndipo kuti pamene lamulo kapena mwambo umchepsa chifukwa cha ukazi wake wokha, lamulolo kapena mwambowo usinthidwe. Liulo ndi la ku Ulaya, izi nzoona. Koma akazi a ku Bloemfontein sanadikire kuti alimve asanang'ambe zitupa. Chimene chinawautsa ndi dzanja la wapolisi ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi.

Mbiri ya Mai Maxeke ionetsanso kuti si onse onena za ufulu wa akazi amene anali kunena chinthu chimodzi. Iwo anakalankhulapo kwa akazi a Chizungu a Women's Reform Club ku Pretoria, amene anali kumenyera voti. Akazi a Chizunguwo anailandira voti yao m'chaka cha 1930, koma lamulo la General Hertzog linaipereka kwa oyera okhaokha, ndipo phindu lake kwa iye linali lakuti mavoti a Azungu achuluke kawiri kuti mavoti ochepa a amuna akuda a ku Cape achepe mphamvu. M'chaka cha 1936 amuna akudawo anachotsedwanso pa kaundula wa onse. Chotero ufulu wa akazi ena unagwiritsidwa ntchito ngati chingwe chomangira mtundu wonse wa akazi anzao. Mkazi wakuda wa dzikolo anadzaponya voti yake yoyamba m'chaka cha 1994. Ichi ndicho chifukwa chake akazi ophunzira a mu Africa lero amalimbikira kunena kuti nkhani ya mkazi singalekanitsidwe ndi nkhani ya khungu, ya malo ndi ya umphawi. Mai Maxeke anaziona zimenezi ndi maso.

Ku Johannesburg anatsegula ofesi yofunira anthu akuda ntchito, makamaka akazi, ndipo anakhala mkazi wakuda woyamba kugwira ntchito ya m'khoti yoyang'anira ana olakwira malamulo. Tsiku ndi tsiku anali kuona atsikana ndi amai omangidwa chifukwa cha mowa, ndipo anafunsa chimene chinawafikitsa pamenepo. Yankho lao analipereka m'chaka cha 1930 pa msonkhano wa ophunzira Achikristu akuda ndi oyera ku Fort Hare. Anafotokoza kuti mwamuna amachoka kumudzi chifukwa munda wachepa ndipo msonkho ukufunika. Ndalama zikaleka kubwera mkazi amamlondola ku tauni. Kumeneko sapeza nyumba yololedwa kukhalamo ndi ana, malipiro a mwamuna sakwana, ndipo mai uja amayamba kufulula mowa umene lamulo likuletsa. Ena anali kunena kuti akazi a m'tauni ndi otayika makhalidwe, koma iwo analoza ku malo, ku nyumba ndi ku malipiro. Kwa ife a dziko la machona, kumene Wenela inatenga amuna zikwizikwi kusiya akazi akulima okha ndi kulipira okha zonse za pakhomo, kufotokoza kumeneku sikufuna womasulira.

Tisawapake utoto umene sanali nao. Mai Maxeke anali Mkristu wa mpingo, mtsogoleri wa amai a chigwirizano cha AME, wokhulupirira kuti banja ndilo tsinde la mtundu, ndipo njira yao inali ya makalata, nthumwi ndi kukhala pa tebulo limodzi ndi Azungu ofatsa m'makhonsolo a mitundu iwiri. Achinyamata a zaka zotsatira anaiona njira imeneyi ngati yozizira, ndipo ena mwa omenyera ufulu wa akazi lero angadandaule kuti analankhula kwambiri za umai. Ife tiona kuti kudandaulako kuiwala nyengo. M'dziko limene malamulo ake anali kupasula dala mabanja a anthu akuda kuti migodi ipeze antchito otchipa, kufuna kuti mkazi akhale ndi nyumba yake, mwamuna wake ndi ana ake pamalo amodzi kunali kulimbana ndi Boma ndi eni migodi pamodzi.

Amuna ao anamwalira m'chaka cha 1928. M'chaka cha 1930 Dr A. B. Xuma analemba kabuku ka mbiri yao kuti kakhale chitsanzo cha zimene mtsikana wa mu Africa angathe kuchita ataphunzira, ndipo mau oyamba a kabukuko analemba ndi Du Bois, mphunzitsi wao wakale. Analankhula pa msonkhano waukulu wa All African Convention ku Bloemfontein m'chaka cha 1935, nasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa National Council of African Women m'chaka cha 1937. Anamwalira ku Johannesburg pa 16 October 1939 ali ndi zaka 68.

ZIMENE SANAZIONE

Congress inalola akazi kukhala mamembala athunthu m'chaka cha 1943, patapita zaka zinai iwo ali m'manda. Boma la tsankho litakhwima, lamulo la 1952 linabwezanso chitupa pa akazi, ndipo pa 9 August 1956 akazi okwana 20,000 anayenda kupita ku Union Buildings ku Pretoria motsogozedwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams. Nthawi imeneyi Boma silinabwerere m'mbuyo, ndipo malamulo a zitupa anadzathetsedwa m'chaka cha 1986. Lero m'Nyumba ya Malamulo ya dzikolo akazi apitirira 40 mwa aphungu 100 alionse, ndipo m'chaka cha 2024 Mai Mandisa Maya anakhala mkazi woyamba kutsogolera makhoti onse. Koma nkhanza zochitira akazi, kugwirira ndi kupha kumene, zikali zochuluka kotero kuti atsogoleri a dzikolo amazitchula poyera ngati tsoka la mtundu. Dzanja limene mai wa ku Bloemfontein anali kuliopa pa njira, mdzukulu wake amaliopa kawirikawiri m'nyumba mwake momwe.

Kwathu kuno tili ndi mbiri yofanana nayo mwa Mai Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa akazi a Nyasaland African Congress m'zaka za m'ma 1950, natsekeredwa m'ndende m'chaka cha 1959 ali ndi khanda m'manja. Nkhope yao ili pa ndalama ya K200. Dziko lino linakhala ndi Pulezidenti wamkazi, Mai Joyce Banda, kuyambira 2012 mpaka 2014, chinthu chimene South Africa sanachione. Boma linakhazikitsa lamulo la Gender Equality Act m'chaka cha 2013, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Lamulo la 2013 likhudza awerengi a tsamba lino mwachindunji, pakuti linena kuti polemba anthu ntchito za Boma, amuna kapena akazi asachepere 40 ndipo asapitirire 60 mwa 100 alionse m'dipatimenti, ndipo liika muyeso womwewo pa kulandira ophunzira m'masukulu aukachenjede. Amene akhala m'mabungwe olemba ntchito ndi okweza anthu maudindo ndiwo agwira lamulo limeneli m'manja, monganso mphunzitsi wamkulu ndiye woyamba kudziwa mtsikana akaleka kubwera ku sukulu. Muyesowo sufika ku zisankho, ndipo pa chisankho cha 2019 akazi amene anapambana sanakwane gawo limodzi mwa magawo anai a Nyumba ya Malamulo, ngakhale kuti Nyumba yomweyo inasankha Mai Catherine Gotani Hara kukhala Sipikala woyamba wamkazi.

South Africa inachedwa kukumbukira Mai Maxeke, koma pokumbukira inachita mokwanira. Imodzi mwa sitima zake zankhondo zoyenda pansi pa madzi ili ndi dzina lao, miseu ya m'mizinda ingapo inatchedwa dzina lomwelo, ndipo Boma la dzikolo linapatula chaka cha 2021 kuti chikhale chowakumbukira, patatha zaka 150 chibadwire. M'chaka cha 2008 chipatala chachikulu cha Boma ku Parktown, mu Johannesburg, chimene masiku a tsankho chinamangidwira Azungu okha, chinapatsidwa dzina lakuti Charlotte Maxeke Johannesburg Academic Hospital.